KUKHWIMITSA MADZI TISANAIKE NSOMBA

Phunziro kwa alimi a cimanga ndi fodya a ku Nsaru, Kabudula, Nambuma ndi Namitete

Mlimi ali yense wa fodya adziwa kuti mbande siicoka ku nazale tsiku limene yamera. Iye amayamba wakonza mabedi, nathira manyowa opsya bwino, nafesa, nathirira m'mawa ndi madzulo, ndipo pakapita masabata ambiri amazikhwimitsa mbandezo asanaziokere m'munda. Munthu wofulumira, wookera mbande zanthete, amadzalira pambuyo poona mizere yace iri mipata yokhayokha. M'phunziro lino tifuna kunena za nchito ina yofuna kudekha komweko, ndiyo kukonzera nsomba madzi m'thanki la pakhomo.

ULIMI UMENEWU NGOTANI?

Kuweta nsomba si cinthu cacilendo m'dziko muno. M'zaka za m'ma 1950 Boma linakumba maiwe oyesera ku Nchenachena ndi ku Domasi, ndipo kuyambira pamenepo alimi okhala pafupi ndi madambo akhala akuweta makumba ndi cilunguni. Koma si munthu ali yense amene ali ndi dambo, ndipo kwathu kuno zithaphwi zambiri zimauma mu October.

Iripo njira ina imene Azungu amaicha aquaponics. Nsomba zimakhala m'thanki kapena m'migolo pakhomo. Pambali pace pamakhala bedi lodzaza ndi timiyala, ndipo m'timiyalamo timabzalamo mpiru, repu kapena phwetekere popanda dothi. Pampu yaing'ono, yoyendera magetsi kapena sola, imatenga madzi a nsomba niwathira m'bedi. Madziwo amasefeka m'miyala nabwereranso kwa nsomba ali oyera. Motero zonyansa za nsomba zisanduka manyowa a ndiwo, ndipo madzi amodzimodziwo azungulira osatayika. Njirayi anaikonza bwino Dr James Rakocy ndi anzace ku University of the Virgin Islands kuyambira m'zaka za m'ma 1980, ndipo nsomba zimene anaweta ndi abale ace a makumba athu omwewa.

Koma pali msampha umodzi umene ugwira oyamba kumene ambiri. Thanki latsopano, ngakhale madzi ace aoneke oyera ngati a m'botolo, lingathe kupha nsomba zonse m'masabata awiri.

ANTHU AWIRI, MATHANKI AWIRI

Tiyerekeze alimi awiri a mudzi umodzi. Onse agulitsa fodya wao, onse agula thanki, pampu ndi sola. Woyamba amaliza kumanga Loweruka, ndipo Lolemba apita kukagula ana a nsomba zana limodzi nawaponya m'madzi. Ana ace akondwera, anansi abwera kudzaona, iye nawaza cakudya cambiri kuti nsomba zikule msanga. Sabata yoyamba zonse ziri bwino. Sabata yaciwiri nsomba zileka kudya, ziyandama pamwamba ndi kukamwa yasa, ndipo m'mawa muli monse iye aola zakufa. Pomaliza anena kuti wina wamuthirira mankhwala, kapena kuti anamugulitsa nsomba zodwala.

Waciwiri amaliza kumanga tsiku lomwelo, koma pampu yace iyenda masabata asanu ndi imodzi m'thanki mulibe nsomba ndi imodzi yomwe. Anthu amseka, nati, "Aphiri aweta madzi." Koma iye akadzaika nsomba zace, zimadya tsiku laciwiri lomwe, ndipo mpiru wace uli kale wobiriwira.

Palibe mfiti pa nkhani imeneyi. Cimene cinasiyanitsa anthu awiriwa ticifotokoza tsopano.

CIMAPHA NSOMBA NDI CIANI?

Nsomba ikadya, thupi lace limaturutsa ululu wochedwa amoniya. Wambiri umaturukira m'ziwalo zofiira za m'mbali mwa mutu zimene nsomba ipumira, ndipo wina umacokera ku ndowe ndi ku cakudya cotsala cimene cabvunda pansi. Pfungo la amoniya tonse tilidziwa, pakuti ndi lija limalasa m'mphuno tikalowa m'khola la nkhuku losasesa.

Mu mtsinje wa Bua kapena m'dziwe lalikuru ululu umenewu subvuta, cifukwa madzi ngambiri, ndipo matope ndi zomera zimaumeza. M'thanki mulibe kothawira. Nsomba zisambira m'zonyansa zao zomwe, ndipo ululu uonjezeka tsiku ndi tsiku kufikira uocha zopumira zao. Madzi akatentha, ukali wa amoniya ukula koposa.

Cotsuka madziwo si miyala ayi, ndiponso si mizu ya ndiwo yokha. Ndi tizirombo tating'ono tosaoneka ndi maso, timene timamatirira pa miyala yonyowa. Tiripo magulu awiri. Gulu loyamba limadya amoniya nilimsandutsa cinthu cina cochedwa naitraiti. Ameneyu ndi ululu waciwiri, ndipo ngoopsya ndithu, pakuti amalowa m'magazi a nsomba nawaletsa kunyamula mpweya, kotero kuti nsomba ibanika ngakhale madzi ali ndi mpweya wokwanira. Gulu laciwiri limadya ululu waciwiriwo niliusandutsa naitreti, amene sapweteka nsomba pokhapokha atacuruka kwambiri, ndipo ndiye cakudya ceniceni ca mbeu. Maina awiriwa afanana, cifukwa cace m'phunziro lino tizinena kuti ululu woyamba, ululu waciwiri, ndi cakudya ca mbeu.

Tizirombo timeneti si alendo kwa mlimi wa cimanga. Mukathira yureya m'munda, a mtundu womwewu okhala m'nthaka ndiwo amathandiza kumsandutsa naitreti amene mizu imamwa mosabvuta. Kusiyana kwace nkwakuti m'munda alimo kale, pamene m'miyala yotsukidwa kumene mulibe.

ZIMENE ANAPEZA AKATSWIRI AKALE

M'caka ca 1877 akatswiri awiri a ku France, Schloesing ndi Müntz, anadzaza paipi yagalasi ndi mcenga wosakaniza ndi miyala ya laimu, namathiramo madzi a m'zimbudzi tsiku ndi tsiku. Kwa masiku 20 madzi anali kuturuka pansi ndi amoniya wace yemweyo, osasintha konse. Atapita masikuwo amoniya anayamba kusowa, ndipo m'malo mwace munaoneka naitreti. Iwo anadzifunsa kuti, ngati ndi mcenga umene ucita nchitoyi, unalekeranji kuicita tsiku loyamba? Pamenepo analowetsamo mankhwala ogonetsa zamoyo, ndipo nchito inaima. Atathiramo madzi otsukira dothi la m'munda, inayambanso. Motero anazindikira kuti anchito ace ndi zamoyo zimene ziyenera kuyamba zaswana. M'caka ca 1890 Sergei Winogradsky, wobadwira ku Kiev, anatipatula tizirombo timeneti, ndipo kufufuza kwace kunasonyeza kuti nchitoyi iri ndi magulu awiri.

Masiku 20 aja akali cikhalire kufikira lero. Tizirombo tosasitsa mkaka timacurukana kawiri m'ola limodzi, koma iti timafuna pafupifupi tsiku lathunthu. Gulu laciwiri silingayambe kuswana loyamba lisanaliphikire cakudya cace. Palibe ndalama imene ingagule masiku amenewa. Cifukwa cace tikuti, mlimi wa nsomba za m'thanki ziweto zace zoyamba ndi tizirombo, nsomba ndi zaciwiri.

NTHAWI YABWINO YOYAMBIRA

Tizirombo timeneti timakonda madzi ofunda, a madigiri 25 kufikira 30. Madzi akazizira kutsikira pansi pa madigiri 17 timacita ulesi, ndipo pa madigiri 10 nchito yao icepa kwambiri. Inu nonse mudziwa cisanu ca cigwa ca Lilongwe mu June ndi July, pamene m'mawa madzi a m'cidebe amaluma zala. Woyamba nthawi imeneyo adzadikira miyezi iwiri kapena kuposa, ndipo makumba nawonso sadya bwino m'madzi ozizira.

Nthawi yabwino ndi kumapeto kwa August kapena kuciyambi kwa September. Ndalama za fodya zikalipo, cimanga ciri m'nkhokwe, ndipo kunja kwayamba kufunda. Woyamba pamenepo adzaika nsomba mu October, nizikhala ndi miyezi yonse yotentha yoti zikuliremo. Tidziwa kuti nthawi yomweyo ndi ya nazale, ndipo pa citsime pamakhala mpikisano. Cifukwa cace dzazani thanki msanga madzi asanatsike. Likadzaza kamodzi, lifuna kungoonjezera pang'ono m'malo mwa madzi ouma ndi dzuwa ndi omwedwa ndi ndiwo.

KACITIDWE KACE

1. Sankhani ziwiya zoyera. Musagwiritse nchito mgolo umene munali mankhwala a mbeu, dizilo kapena mafuta a galimoto, ngakhale mutautsuka kakhumi. Cidebe ndi keni za ku thanki zikhale zace zokha, zosapita ku nazale.

2. Konzani miyala. Ikhale ya msinkhu wa nsonga ya cala, sentimita imodzi kapena awiri, ndipo bedi likhale lakuya masentimita 30. Njerwa zoocha bwino, zoswa ndi kusefa, zingathandize pamene miyala isowa. Mcenga ndi dothi zimatseka njira ya madzi ndi mpweya. Donthezani viniga pa miyala ingapo, ndipo ikacita thobvu dziwani kuti iri ndi laimu wambiri, musaitenge. Tsukani miyala kufikira madzi otsukira atayera.

3. Thirani madzi abwino. A pa mjigo, a pa citsime ndi a mvula onse ayenera. Madzi othira klorini, kaya a pa mpope kaya amene tathira mankhwala kuti timwe, amapha tizirombo timene tifuna kuweta. Madzi otere ayambe akhala poyera masiku awiri, pampu iri kuwatakasa. Yendetsani pampu masiku awiri kapena atatu musanathire kanthu, kuti muone podontha ndi kukonza.

4. Palani moto kwa mnzanu. Moto ukazima sitipeka wina ngati kwa anansi kukufuka utsi. Ngati alipo mnzanu amene thanki lace lakhwima kale ndipo nsomba zace ziri zamoyo bwino, mpempheni cidebe cimodzi ca miyala ya m'bedi lace. Muinyamule yonyowa, yobvundikira, ndi kuikwirira m'bedi lanu tsiku lomwelo. Potero mungacepetse masiku odikira. Koma musatenge kanthu kumene nsomba zafa kapena kudwala, mungatenge ndi nthenda yomwe. Ngati palibe kopala, musade nkhawa. Tizirombo tidzafika tokha ndi pfumbi ndi madzi, koma mocedwerapo.

5. Dyetsani tizirombo. Popeza mulibe nsomba zoturutsa amoniya, muyenera kumuikamo ndinu. Muyeso wofunika ndi miligalamu imodzi kapena awiri pa lita iri yonse ya madzi. Njira yapafupi kwa mlimi wa cimanga ndi yureya: supuni ya tiyi imodzi, yosasefukira, ikwanira malita 1,000. Ngati muli ndi mgolo wa malita 200, sungunulani supuni imodzi m'makapu asanu a madzi, ndipo muthire kapu imodzi yokha. Yureya amatenga masiku angapo kuti asanduke amoniya, cifukwa cace musaonjeze poganiza kuti sanagwire. Pano pasakhale mtima uja wakuti fetereza wambiri ndiye cimanga cambiri, pakuti amoniya wopitirira muyeso amafoola tizirombo tomweto. Wopanda yureya angathe kuwaza cakudya ca nsomba cosinja, kadzanja kamodzi, kuti cibvunde m'madzimo. Ndowe zaziwisi za nkhuku, nkhumba kapena ng'ombe musaike, cifukwa ziri ndi matenda amene angafike pa ndiwo zimene ana anu adzadya.

6. Madzi ayende. Tizirombo timeneti timapuma mpweya monga ife. Bedi lizidzaza ndi kuphwa, kudzaza ndi kuphwa, kuti miyala izimwa madzi ndi mpweya mosinthana, ndipo madzi obwerera m'thanki azigwa kucokera pamwamba ndi kucita thobvu. Miyala isaume konse. Wokhala ndi sola yopanda batire adziwe kuti usiku madzi ace adzaima. Tizirombo tingapirire m'miyala yacinyezi kufikira m'mawa, koma nsomba zambiri sizingapirire, motero munthu wotere adzawete zowerengeka.

7. Chingani dzuwa. Kuwala kwa dzuwa kumapha tizirombo tisanamatirire pa miyala, ndiponso kumameretsa ndere. Bvundikirani thanki ndi mphasa kapena udzu, mosiya mpata wa mpweya. Madzi m'bedi asafike pamwamba peni peni pa miyala, alekeze masentimita atatu kapena asanu pansi pace. Cibvundikirocho cithandizanso kuti udzudzu usaikire mazira m'madzi opanda nsomba.

ZIMENE ZICITIKA SABATA NDI SABATA

Alipo mankhwala oyesera madzi, a timabotolo kapena timapepala, amene amasintha mtundu monga mwa ululu umene ulimo. Mtengo wace ungalemere munthu mmodzi, koma alimi a kalabu imodzi angathe kusonkherana ndi kugula bokosi limodzi. Yesani masiku atatu ali onse, ndipo lembani m'kope tsiku ndi cimene mwapeza, monga mulembera mabelo a fodya.

Sabata yoyamba ululu woyamba ukwera, ndipo palibe cina cooneka. Kumapeto kwa sabatayo kapena m'kati mwa yaciwiri uyamba kutsika, ndipo ululu waciwiri uonekera. Ici ndi cizindikiro cakuti gulu loyamba lafika. Amoniya akatsika pansi pa miligalamu imodzi, thiraninso theka la muyeso uja kuti anchito anu asagone ndi njala.

Sabata yacitatu ndi yacinai ndiyo nthawi yonyenga. Ululu waciwiri uli pamwamba, koma madzi ali mbee, opanda pfungo, ndipo mtima unena kuti zonse zatha. Alimi ambiri amataya nsomba zao pamenepa. Maso sangaone ululu umenewu. Pirirani.

Pambuyo pace, kawiri kawiri mwadzidzidzi, ululu waciwiri ugwa, ndipo cakudya ca mbeu cikwera. Buku la bungwe la FAO la caka ca 2014 lonena za ulimi umenewu liwerengera masabata atatu kufikira asanu m'nyengo yofunda, ndi miyezi iwiri pamene zinthu sizinayende bwino. Kuti mutsimikize, thirani muyeso wina ndi kuyesanso patapita tsiku limodzi kapena awiri. Ngati ululu woyamba ndi waciwiri zonse ziri pansi pa miligalamu imodzi, makamaka pafupi ndi ziro, madzi anu akhwima.

Wopanda coyesera awerenge masiku. Athire supuni imodzi tsiku loyamba, adikire masiku khumi, ndipo kuyambira pamenepo azithira theka la supuni kawiri pa sabata. M'nyengo yotentha adikire masabata asanu ndi imodzi athunthu, m'nyengo yozizira asanu ndi atatu. Aleke kuthira yureya masiku anai asanaike nsomba. Kudikira sabata imodzi yoonjezera sikunaphepo nsomba, koma kufulumira ndi sabata imodzi kwapha zambiri.

Bokosi loyesera limasonyezanso kuwawasa kwa madzi, kumene amakucha pH. Muyeso wabwino uli pakati pa 6 ndi 7.5. Nchito ya tizirombo imawawasitsa madzi pang'ono pang'ono, ndipo akatsika pansi pa 6 tizirombo tileka kudya. Mankhwala ace ngapafupi: sinjani zikamba za mazira zotsuka bwino, muzimange m'kansaru ndi kuziika poyenda madzi. Phulusa musathire mwacisawawa, pakuti limakweza muyesowo mwadzidzidzi, ndipo pamenepo amoniya wocepa yemwe asanduka wakupha.

Ndiwo siziyenera kudikira nsomba. Kuyambira sabata yacitatu mungathe kuokera mbande za mpiru kapena repu, mutatsuka dothi lonse ku mizu. Poyamba zidzaoneka zacikasu ndi zokwinimbira, koma zikayamba kubiriwira ndi kuturutsa masamba atsopano, ndi umboni wina wakuti cakudya ca mbeu cayamba kupangika. Phwetekere ndi mbeu zina zobala zipatso zidikire miyezi itatu kapena inai, cifukwa zifuna cakudya cambiri.

ADANI A PAKHOMO PA MLIMI WA FODYA

Pali zinthu zimene tizolowera kukhala nazo pakhomo, zimene zingaononge nchito ya masabata asanu ndi imodzi m'tsiku limodzi.

Coyamba ndi fodya yemwe. Ululu wace umapha nsomba, ndipo m'maiko ena amathira dala zinyenyeswa za fodya m'maiwe pofuna kupha nsomba zosafunika. Thanki likhale kutali ndi cigafa ndi posankhira fodya, kumene mphepo siingabweretse pfumbi lace. Musaphimbe thanki ndi ziguduli zimene munakulungira fodya. Sambani m'manja musanagwire madzi kapena mbande za phwetekere, pakuti nthenda ya mawanga ya fodya imagwiranso phwetekere.

Caciwiri ndi mankhwala: a ku nazale, a mbozi za m'cimanga, ndi a pfumbi oteteza cimanga kwa anankafumbwe. Ambiri a iwo amapha nsomba ngakhale atacepa cotani. Gaga wocokera ku cimanga cothira mankhwala kumene asalowe m'thanki. Nsabwe zikagwira ndiwo za m'bedi, zicotseni ndi manja kapena ndi madzi, musapopere.

Cacitatu ndi mthuthu, umene ena aucha ombwe. Ngwabwino pobwezera conde m'munda, koma makolo athu anali kuphera nsomba masamba ace. Usamere pafupi ndi thanki.

Cacinai ndi neti ya udzudzu. Iri ndi mankhwala amene nsomba sizingapirire, motero musabvundikirire thanki kapena kusefera madzi. Sopo nayenso asayandikire. Auzeni ana ndi onse a pabanja zinthu izi, cifukwa thanki liri pakhomo, ndipo manja olifikira ngambiri.

KUIKA NSOMBA

Madzi atakhwima, funsani Mlangizi wa za nsomba kumene mungapeze mbeu yabwino. Ku Bunda ndi ku Domasi kuli akatswiri a nchito imeneyi. Wetani nsomba za m'dziko muno, monga makumba, cilunguni, cambo kapena mlamba. Malamulo a dziko saloleza kulowetsa nsomba zacilendo popanda cilolezo, pakuti zikathawira m'mitsinje yathu, imene ithira m'Nyanja ya Malawi, zingaononge nsomba zathu.

Musaike zonse tsiku limodzi. Tizirombo tacuruka monga mwa cakudya cimene munali kutipatsa, ndipo katundu akakula mwadzidzidzi tidzalephera. Yambani ndi limodzi la magawo anai a nsomba zimene mufuna kuweta. Pakapita masabata awiri, ngati ziri kudya bwino ndipo madzi ali bwino, onjezani gawo lina, ndi kutero kufikira zitakwana. Thanki la malita 1,000 lokhala ndi mpweya wokwanira usana ndi usiku lisapitirire makilogalamu 20 a nsomba zitakula, ndipo woyamba kumene acita bwino kulekeza pa theka lace.

Nyamulani nsomba m'mawa kusanatenthe. Pofika, yandamitsani thumba lace m'thanki kwa theka la ola kuti madzi afanane kufunda, kenaka lowetsani madzi a m'thanki pang'ono pang'ono m'thumbamo, nsomba zituruke zokha. Tsiku loyamba musazidyetse. Pambuyo pace muzipatsa cocepa, ndipo cotsala pakapita theka la ola mucicotse. Gaga amene tiwaza m'dziwe amadetsa thanki msanga ndi kutseka miyala, motero cakudya coumba timibulu ndico cabwino. Kuyambira tsiku limene nsomba zalowa, yureya asalowenso m'madzimo.

Mukaona nsomba ziri kupuma pamwamba, kapena zaunjikana pogwera madzi, kapena zakana cakudya, kapena zopumira zao zasanduka zoderako m'malo mwa kufiira, citani izi msanga. Lekani kudyetsa masiku awiri kapena atatu, pakuti nsomba siifa ndi njala ya masiku atatu. Cotsani limodzi la magawo atatu a madzi, mukathirire ku dimba, ndi kubwezeramo abwino. Onani ngati pampu iyenda bwino. Mcere wa pa ndiwo, galamu imodzi pa lita, umathandiza kuchinga ululu waciwiri kuti usalowe m'magazi, koma musapitirire muyeso umenewu cifukwa ndiwo sizikonda mcere. Ndipo musatsuke miyala poganiza kuti ndiyo yadetsa madzi. Kuterera kumene mukumva pa miyalayo ndiwo mudzi wa anchito anu, ndipo mukaucotsa mwabwerera pa tsiku loyamba.

MAU OTSIRIZA

Ana a nsomba amagulidwa ndi ndalama zimene munazipeza ndi thukuta la caka cathunthu, kuyambira ku nazale kufikira ku okushoni. Nkosayenera kuzitaya cifukwa ca kulephera kudikira masiku makumi anai. Kumbukirani zinthu zisanu izi: yambani kunja kukafunda, thirani muyeso wocepa, madzi ayende ndipo akhale pa mthunzi, musakhulupirire maso pa sabata yacitatu, ikani nsomba pang'ono pang'ono.

Pamene simunamvetse, pitani kwa Mlangizi wa m'dera lanu musanagule kanthu, pakuti safunsa anadya phula. Ndipo anansi akadzakusekani kuti muweta madzi, musakwiye. Auzeni kuti ziweto zirimo kale, koma nzosaoneka, ndipo muwaitane adzabwerenso m'nyengo ya Khirisimasi kudzaona mpiru ndi makumba. Akuru anati, kuona maso a nkhono nkudekha.